Mabuku a ku sukulu aja awerengeninso, ulendo uno popanda mayeso

Mchemwali wina wanditumizira imelo ndipo wandilola kuti ndiyankhe pompano poti mwina pali enanso omwe funso lawo ndi lomweli. Mwachidule akuti sukulu anamaliza kalekale, pano ali pa ntchito, ali ndi ana, ndipo chilembereni mayeso a Fomu 4 sanawerengeko buku mpaka kumapeto, akangotsegula tsamba loyamba ndiye kaya tulo kaya foni. Mabuku a ku sukulu akuti amangokumbukira mayina, zamkati zinauluka. Ndiye akufunsa kuti ineyo ndikuwerenga chani masiku ano, alembi anga a pamtima ndi ndani, komanso mabuku a ku sukulu omwe ndimawakumbukirabe ndi ati. Kumapeto kwa kalatayo anawonjezera kuti "mwina ineyo sindinabadwe wowerenga basi."

Achemwali, ndiyambira pa mawu omalizawo chifukwa ndi amene andikhudza. Inuyo mumawerenga kale, tsiku lonse. Mauthenga a pa WhatsApp, nkhani zitalizitali za pa Facebook zija anthu amalemba m'zigawozigawo inu n'kumadikira chigawo chotsatira mtima uli m'mwamba, ndemanga za anthu m'munsi mwake mpaka usiku, zonsezo ndi kuwerenga. Luso lilipo. Chomwe chinatayika ndi kukhala m'nkhani imodzi nthawi yaitali osatulukamo. Anthu amathamangira kuloza chala foni, eya foni ili ndi mlandu wake ndipo ndinenapo, koma ine ndimaona kuti kwa ambiri a ife vutoli linayamba kale foni zisanabwere, linayambira m'kalasi momwemo.

Takumbukirani mmene tinkaphunzirira litilecha. Mabuku ochepa, ana ambirimbiri, buku limodzi mumaunjikirana anthu angapo mitu itagundana, wina wamaliza tsamba wanyowetsa kale chala akufuna atembenuze, wina akadali pa ndime yoyamba akuti dikira kaye, wa kumapeto uja akungoona zilembo chammbali. Belu likalira mabuku onse abwerere ku ofesi, awerengedwe ngati akwana. Ndiye aphunzitsi, osati mwa kufuna kwawo, nanga si silabasi iyenera kutha ndipo mayeso sadikira munthu, amangoti tulutsani makope. Amatilembetsa manotsi: atengambali, makhalidwe awo, malo ndi nthawi, mfundo zikuluzikulu, phunziro lomwe tikupezamo. Ife n'kuloweza. Munthu umakhoza bwinobwino buku usanaliwerenge lonse, ndipo ndikudziwa ambiri omwe anakhoza chonchi. Zili ngati kuuzidwa zigoli za mpira ndi mnzako m'malo moonera masewerowo, ukudziwa amene wapambana koma sunamve kanthu. Ndiye mukati zamkati zinauluka, ine ndikuti mwina sizinalowe n'komwe. Zomwe zinalowa ndi manotsi, ndipo manotsi ntchito yake imatha tsiku lotuluka m'chipinda cha mayeso.

N'chifukwa chake yankho langa lalikulu kwa inu ndi loti musayambe ndi kusaka mabuku atsopano. Bwererani ku omwe aja mumangokumbukira mayinawo. Mayina a anthu ake mukuwadziwa kale choncho simuvutika kulowamo, ambiri ndi aafupi, ndipo mukadabwa kuti buku lomwe mumaliyesa mumalidziwa simunakumane nalo.

Ine zinandichitikira ndi Things Fall Apart ya Chinua Achebe, buku lomwe linatuluka mu 1958. Ku sukulu tinaloweza kuti Okonkwo anali wamphamvu, wolimbikira ntchito, wosachedwa kupsa mtima, ndipo bambo ake Unoka anali aulesi komanso angongole. Basi, mfundo ndi chitsanzo chake, malikisi awiri. Nditaliwerenganso ndili wamkulu ndinapezamo munthu wamantha. Chilichonse chomwe Okonkwo amachita, kumenya akazi ake, kukalipira mwana wake Nwoye, kubisa chikondi ngakhale kwa Ezinma yemwe amamukonda kuposa ana onse, gwero lake ndi mantha oti anthu angamufanizire ndi bambo ake. Pali malo aja a Ikemefuna, mnyamata yemwe anaperekedwa kuchokera mudzi wina ngati dipo la mlandu n'kukhala pakhomo pa Okonkwo zaka zitatu mpaka kumamutchula kuti bambo. Litayandikira tsiku loti aphedwe, mkulu wina dzina lake Ezeudu anabwera kudzachenjeza Okonkwo kuti asatengepo mbali. Koma anapita nawo ku tchireko, ndipo mnyamatayo atatemedwa koyamba n'kuthamangira kwa iye kuti amupulumutse, Okonkwo anasolola chikwanje n'kumumaliza yekha, kuopa kuti anzake amuyesa wofooka. Ndili mwana zimenezi ndinangozilemba ngati yankho. Ndili wamkulu ndinatseka kaye bukulo n'kukhala phee, chifukwa pano ndawaonapo azibambo otere, anthu oti ana awo amawakonda ndithu koma amawapweteka kuopa kuoneka ofewa pamaso pa anzawo. Ngakhale Unoka amene tinkamuseka uja, woimba chitoliro, pano ndimamumvera chisoni, anabadwira pamalo pomwe luso lake silinkawerengedwa ngati kanthu.

Ndiye kumapeto kwake. Okonkwo wadzimangirira, anthu akwawo sangakhudze mtembo wake, ndipo DC wachizungu uja akuchoka pamalopo akulingalira kuti nkhani ya munthuyu mwina ingakwane ndime imodzi m'buku lomwe akulemba. Iwe wayenda naye Okonkwo kuyambira tsamba loyamba, wamuda, wamumvetsa, wamulira, wina n'kuti ndime imodzi. Achebe anakwiya ndi anthu ofupikitsa miyoyo ya anzawo chonchi, ndipo zimandiwawa kuti ifenso m'makope mwathu tinamufupikitsa Okonkwo chimodzimodzi. Ngati Chingerezi chimakutopetsani madzulo mukaweruka, bukuli lilipo m'Chichewa, Benedicto Wokomaatani Malunga analimasulira n'kulitcha Chipasupasu.

Lina lomwe ndimalikumbukira ndi Nthondo la Samuel Josia Ntara. Ambiri sadziwa kuti bukuli ndi lakale zedi, linatuluka mu 1933 litachita bwino pa mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa mu 1934. Limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, mwana wovuta, wakuba, wabodza, amene kenako anadzakhala mfumu n'kutembenuka mtima. Ndinena chilungamo, kutembenuka kwakeko ine sikundikhutiritsa kwenikweni, umachita kumva kuti wolembayo anali mphunzitsi wa ku mishoni ndipo amadziwa komwe nkhani iyenera kukathera. Koma chuma cha bukuli ndi chinenero. Chichewa chake n'chokhuthala, mmene anthu amalankhulirana, mmene akulu amadzudzulira mwana osamutchula, mmene mlandu umazungulira usanafike pa mfundo. Ku sukulu tinkathamangira kupeza "makhalidwe a Nthondo" n'kumadumpha zonsezi. Pano ndimatha kubwereza tsamba limodzi kungofuna kumvanso mmene chiganizo chakhalira.

Smouldering Charcoal la Tiyambe Zeleza, la 1992, ambiri a inu munalichita. Mchere ndi Nambe osauka aja, Chola mtolankhani ndi Catherine, sitalaka ya pa bekare, kenako ndende. Mwana wa sukulu sangamvetse bwinobwino kuti kukhala ndi mwana wodwala m'nyumba mulibe kalikonse n'chani, kapena kuopa kulankhula pa ntchito chifukwa sukudziwa amene akumvetsera. Munthu woti wagwirapo ntchito ndipo walerapo ana ngati inuyo, bukuli likakulankhulani mwina kuposa mmene linandilankhulira ine. Amene anachita The Pearl la John Steinbeck nawonso chimodzimodzi, Kino ndi Juana atanyamula mwana wolumidwa ndi chinkhanira pakhomo pa dokotala yemwe akukana kuwaona poti alibe ndalama, mayi aliyense akawerenga pamenepo safuna manotsi. Za Shakespeare sindikukakamizani, Macbeth ndi wabwino koma analembedwera kuseweredwa pa siteji, ndi bwino kuonera kaye kenako n'kumawerenga.

Ku pulaimale ndimakumbukira Sosa komanso Timve ndi Tsala, koma amenewo ndi a chikumbutso chabe, anatiphunzitsa zilembo, ntchito yawo anaigwira.

Koma pali gulu lina la mabuku a ku sukulu lomwe anthu ophunzira amachita nalo manyazi kulitchula, ine sindichita nalo manyazi olo pang'ono. Ndikunena ma Pacesetters a Macmillan aja, ma James Hadley Chase, ma Mills & Boon. Awa sanali pa silabasi, amayenda pansi pa desiki nthawi ya prep. Buku limafika kwa iwe chikuto chinachoka kalekale wina anachita kulikutira ndi pepala, m'makona mwapindikapindika, pakati pali tsamba lomatidwa ndi selotepi yachikasu, ndipo mwini wake wakupatsa usiku umodzi wokha chifukwa pali mzere wa anthu akudikira. Nthawi zina umafika kumapeto n'kupeza masamba omaliza anathothoka, ndiye m'mawa umasakasaka amene analiwerenga lisanathothoke kuti akuuze kuti wakupha uja anali ndani. Palibe anatilembetsa manotsi, palibe anatifunsa phunziro lomwe tapezamo, koma nkhani zake anthu amazikumbukira mpaka lero. Amene anatiphunzitsa kukhala m'buku maola ambiri osatopa ndi amenewa. Ndiye ngati chomwe chingakubwezereni ku mabuku ndi nkhani yachikondi kapena ya apolisi ndi zigawenga, yambani pomwepo, asakunyozeni munthu.

Za alembi a pamtima. Achebe ndamutchula kale, ndingowonjezera kuti ndi iyenso anali mlangizi woyamba wa African Writers Series ya Heinemann yomwe inayamba mu 1962, mabuku a zikuto za olenji aja, ndiye alembi ambiri a mu Africa omwe tinawapeza m'malaibulale a sukulu anadzera pa khomo lomwe iye anathandiza kutsegula.

Amene ndikufuna muyambe naye inuyo ndi Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, buku lake Nervous Conditions la 1988. Ndi nkhani ya Tambu, mtsikana yemwe mwayi wa sukulu ya ku mishoni unamupeza pokhapokha mchimwene wake Nhamo atamwalira, n'kupita kukakhala kwa Babamukuru, m'bale wophunzira yemwe banja lonse limamudalira komanso kumuopa. Chomwe ndimalikondera ndi choti Babamukuru si chilombo, amalipira fizi, amathandiza abale, koma thandizo lakelo limabwera ndi chingwe, ndipo Tambu ayenera kuthokoza ngakhale pomwe akupwetekedwa. Aliyense amene anaphunzira ndi ndalama za wachibale akudziwa zomwe ndikunena. Ndi buku lalifupi ndipo Chingerezi chake sichovuta.

Chimamanda Ngozi Adichie ndimamukonda pa Half of a Yellow Sun la 2006, la nkhondo ya Biafra ya 1967 mpaka 1970, makamaka chifukwa cha Ugwu, mnyamata wa ntchito za m'nyumba amene amayamba kuwerenga mabuku a bwana wake. Ndi lalitali, musayambire limeneli, ngati mukufuna kumulawa yambani ndi Purple Hibiscus la 2003. Ngugi wa Thiong'o, yemwe watisiya mu 2025, ndimamulemekeza kwambiri ngakhale mabuku ake ena amandilemera ndi ndale. Munthuyu atatsekeredwa ku ndende ya Kamiti kumapeto kwa 1977 analemba buku lonse m'chinenero chake cha Gikuyu pa mapepala a kuchimbudzi, lomwe m'Chingerezi ndi Devil on the Cross, ndipo nkhani imeneyi imandibwerera nthawi zonse ndikamva munthu akuti m'zinenero zathu simungalembedwe buku lozama.

Pa ndakatulo ndili ndi awiri. Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods la 1981, ndakatulo zobisa tanthauzo chifukwa nthawi imeneyo kulankhula poyera kumatengera munthu kutali, ndipo iye anatengedwadi, anamangidwa mu 1987 popanda mlandu n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991. Zimafuna kuleza mtima, umawerenga kamodzi osamva, kachiwiri n'kuyamba kuona amene akunenedwa. Winayo ndi Malunga yemwe uja, wa Ndidzakutengera Kunyanja Ligineti. Zake musawerenge chamumtima chonde, tulutsani mawu, ngakhale muli nokha m'chipinda, chifukwa ndakatulo za Chichewa mphamvu yake ili m'khutu. Ndisaiwale Legson Kayira ndi I Will Try la 1965, mnyamata amene ananyamuka wapansi mu 1958 kufuna maphunziro ku America, m'manja muli Baibulo ndi The Pilgrim's Progress, mpaka anakafika ku Khartoum kenako n'kukaphunziradi ku Skagit Valley College. Limeneli mukhoza kuwerenga limodzi ndi ana anu ngati ali osinkhukirapo.

Pano ndikuwerenga Afterlives la Abdulrazak Gurnah, mlembi wobadwira ku Zanzibar yemwe anapata mphoto ya Nobel mu 2021. Likukamba za anthu wamba a kum'mawa kwa Africa nthawi ya ulamuliro wa Germany, anyamata omwe analowa usilikali wa atsamunda ndi zomwe zinatsala m'miyoyo yawo nkhondo itatha. Limayenda pang'onopang'ono, Gurnah sakuwa, chinthu choopsa amachinena ndi mawu ofatsa ndiye umazindikira utadutsa kale kuti apa pachitika zazikulu. Sindingalipereke kwa munthu amene akungobwerera kumene ku mabuku, koma likundigwira mtima.

Mmene ndimawerengera si zodabwitsa ayi. Nthawi yaitali yokhala pansi ndi buku ndilibe, monganso inuyo, ndiye ndinasiya kuidikira. Buku limakhala m'chikwama, ndikakhala pa mzere kapena ndikudikira munthu ndimatulutsa, masamba awiri atatu, ndipo usiku ndisanagone ndimawerengako pang'ono foni ili pa chaja kutali ndi bedi. Za kutali ndi bedizi ndikunenetsa. Foni vuto lake si loti ndi yoipa, koma mapulogalamu ake anapangidwa dala kuti chala chisaime, chilichonse chachifupi, chilichonse chikukuitana, ndipo buku silingapikisane nazo zili pamalo amodzi chifukwa buku limayamba kukoma utadutsa masamba angapo pomwe foni imakoma pompopompo. Masiku oyamba mudzaona maganizo akuthawathawa, ndime imodzi kuibwereza kangapo, dzanja likufunafuna foni lokha. Zimenezo si umboni woti simunabadwe wowerenga, zimatha mukapitiriza. Za tulo musadandaule, ngati mwagona mutawerenga tsamba limodzi ndiye kuti tsamba limodzi lawerengedwa, mawa mupitiriza.

Chinanso, buku likakukanani lisiyeni. Ku sukulu tinazolowera kuti buku ndi lamulo, ukaliyamba uyenera kulimaliza, ndiye munthu amakakamira buku limodzi losamukomera miyezi, kenako n'kugamula kuti kuwerenga si kwake. Ine ndikapita nalo patali ndithu n'kuona kuti sindikusamala zomwe zichitikire anthu a m'nkhanimo, ndimalibweza pa shelefu n'kutenga lina, ena ndimadzawabwerera patapita zaka n'kupeza kuti nthawi yake inali isanakwane.

Kuwerengera pa foni kapena kumvetsera mabuku ojambulidwa mawu ndi kuwerenga ndithu, asakunamizeni, bola muzimitse data kuti mauthenga asamakudukizeni. Mabuku akalekale a Chingerezi omwe umwini wake unatha amapezeka mwaulere komanso movomerezeka pa tsamba la pa intaneti la Project Gutenberg. Koma ma PDF a alembi amoyo omwe amazungulira m'magulu a pa WhatsApp aja, apa ndiye ndili ndi mawu. Ndikumvetsa kuti mabuku savuta kuwafuna koma kuwapeza, komabe mlembi wakhala zaka akulemba, osindikiza aikapo ndalama zawo, ife tonse n'kuwerenga kope yobedwa, mawa tidzadabwa kuti bwanji mabuku atsopano a m'chinenero chathu sakutuluka. Ngati mungathe gulani, ngati simungathe bwerekani ku laibulale kapena kwa mnzanu, kapena sonkhanani anthu angapo mugule limodzi muzipatsirana ngati kale lija.

Mwatchula kuti muli ndi ana, ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi. Akabwera ndi buku la litilecha la ku sukulu, libwerekeni muwerenge nanunso, ndipo pocheza musawafunse mafunso a mayeso, amenewo akumana nawo kale okwanira. Afunseni kuti m'bukumu wakunyansa ndani, ukanakhala iwe ukanatani, ndipo mukasiyana maganizo kanganani ndithu. Ine mpaka lero ndimakanganabe ndi anzanga pa nkhani ya Nwoye, ena amati anapandukira bambo ake ndi mtundu wake polowa Chikhristu, ine ndimati mwana amene anaona bambo ake akubwera kuchokera ku tchire kuja popanda Ikemefuna anali atachoka kale pakhomopo amishoni asanafike n'komwe.